Kusintha kaphikidwe osawononga chakudya

Funso: Ndinaphunzira ndekha kuphika ndipo ndimakonda kuyesa zatsopano. N'chifukwa chiyani msuzi umakoma ndikasintha zinthu, koma keke imakana kufufuma?

Yankho: Msuzi mumaulawa uli pamoto, choncho mumatha kuwonjezera mchere kapena madzi a ndimu pang'onopang'ono. Keke ikalowa mu uvuni simungaikonzenso. Imafufuma chifukwa soda akakumana ndi chowawasa, monga mkaka wosasa, amatulutsa mpweya umene umakodwa mu ufa wokandawo, ndipo mukachotsa chowawasacho keke imalemera n'kumamveka kakomedwe ka sopo. Musasiye kuyesa, koma muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi ndi kulemba muyeso wake. Ine ndingakulangizeni kuyamba ndi zonunkhiritsa, chifukwa sizisokoneza kufufuma.