Akakhale kwa malume ku Lilongwe kapena achite self boarding?

Mayi wina wa kwa Khombedza kuno ku Salima anditumizira imelo. Mwana wawo wamkazi wasankhidwa kukayamba Fomu 1 pa CDSS (sekondale ya boma yoyendera) yomwe ili ulendo wa maola awiri wapansi. Achimwene awo a ku Area 25 ku Lilongwe akuti amtumize azikakhala nawo. Mayiwa akufunsa kuti: "Kodi mwana wokulira kumudzi angazolowere sukulu ya m'tauni, kapena ndingomupezera kanyumba pafupi ndi sukulu yomwe wasankhidwayo?"

Mayi, ana sachedwa kuzolowera malo. Chimene ndimayang'ana ine n'chakuti mwanayo akaweruka akulowa m'nyumba ya yani, ndipo madzulo ake akutha bwanji.

Ndiyambe ndi kanyumbako, chifukwa n'komwe ndikuopa kwambiri. Ma CDSS ambiri kale anali malo ophunzirirako a MCDE (koleji ya boma yophunzitsa anthu ali kutali), ndipo atasinthidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ochuluka anatsala opanda malo ogona ophunzira. Ndiye ana ochokera kutali amachita lendi okha. Mukapita kukaona mupeza atsikana atatu kapena anayi m'kachipinda ka kuseri kwa golosale, mphasa imodzi, mbaula pakona, aliyense ndi kathumba kake ka ufa wochokera kwawo. Mwezi usanathe ufa watha, sopo watha, palibe wamkulu wofunsa kuti usiku uno wagona kuti. Kuno kunyanja asodzi usipa ukaphedwa amakhala ndi ndalama m'manja, akabaza nawonso sasowa ya tsiku limenelo, ndipo amadziwa bwino makomo amene mumagona ana asukulu. Mtsikana wa zaka 14 amene wagona ndi njala masiku awiri musamuyembekezere kuti akana mpaka kalekale. Inde lamulo lolola mtsikana kubwerera kusukulu akachira lilipo kuyambira 1993, koma kubwerera uli ndi khanda si nkhani yamasewera. Anyamata nawo amakopeka ndi ganyu ya kunyanja, usiku wonse ali pamadzi, m'mawa akuodzera m'kalasi.

Njinga imathandiza, koma Januwale ndi Febuluwale mitsinje ikadzaza mwana amajomba ndithu.

Kutauni vuto loyamba ndi Chingerezi. Mwana wanu wakhoza Sitandade 8, mutu ulipo, koma akakumana ndi anzake ochokera ku mapulaiveti amene amalankhula Chingerezi ngakhale pa buleki. Akalakwitsa kamodzi n'kusekedwa kuti ndi wakumudzi, amatseka pakamwa, yankho akulidziwa koma dzanja osakweza. Izi zimawawa teremu yoyamba, kenaka zimatha, ndipo mapeto ake amapindula, popeza satifiketi ya MSCE munthu salandira ngati walephera Chingerezi. Magetsi owerengera usiku nawonso si chinthu chaching'ono.

Vuto lalikulu lili kunyumba. Amene waitana mwanayu ndi achimwene anu, koma amene azikhala naye tsiku lonse ndi alamu anu. Mwalankhula nawo? Ana ambiri ochokera kumudzi akafika kwa achibale m'tauni amasanduka antchito osalipidwa: kudzuka mbandakucha kukolopa, kuphikira ana a eni nyumba phala, kuchapa, kukagula makala, n'kukafika kusukulu atatopa kale. Sukulu zina za m'tauni ndi za mashifiti awiri, ena m'mawa ena masana, ndiye theka la tsiku mwana amakhala pakhomo pomwe aliyense amamuona ngati alibe chochita. Sindikunena kuti asagwire ntchito, kwanuko amagwiranso. Koma imbirani alamu anuwo inu nokha, muwafunse mosabisa kuti mwanayu azigona ndi ndani, aziwerenga nthawi yanji, ndipo ana awo amagwira ntchito ziti.

Chinanso, mawu akuti "timupezera malo" musawalandire msanga. Mwana wasankhidwira kuno, ndipo Salima ili pansi pa ofesi ya zamaphunziro ya Central East ku Kasungu pomwe Lilongwe ili ku Central West. Kusamuka kumafuna kalata komanso kuti kumene akupitako kukhale malo. Zikakanika angathe kukathera ku open (makalasi olipira a ana osasankhidwa) kapena pulaiveti yotchipa, atataya malo ake a boma.

Ndikanakhala ine, ku Lilongwe ndikanamtumiza pokhapokha kalata ya malo ili m'manja ndipo alamu avomera ndi pakamwa pawo. Zikapanda kutero akhale konkuno, koma osati m'kanyumba ka ana okhaokha. Pitani kwa ahedi mufunse za gulu la amayi la pasukulupo, kapena mufunse kumpingo kwanu, mupeze mayi wodziwika wokhala pafupi amene angamusunge inu muzipereka ufa ndi ya ndiwo. Lachisanu azibwera kunyumba, ndipo nthawi zina muzikafikako pakati pa sabata osauza munthu.