Dzanja lanu lilibe vuto, mayi, ndi mvula ya ku Thyolo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wasamukira ku Thyolo kuchokera ku Salima. Ma rose asanu ndi limodzi amene anabzala kutsogolo kwa khonde achita madontho akuda, masamba akuyoyoka, awiri afa kale. Akufunsa kuti: kodi ine ndilibe dzanja la maluwa?

Mayi, imelo yanu ndinaiwerenga kawiri, kenako ndinayamba kuseka ndekha pampando. Sindimaseka inu ayi. Ndimadziseka mwini wanga.

Ine kwathu ndi ku Chikwawa. Kumeneko mbewu ikafa, aliyense amadziwa chaipha: ludzu. Mwana amakula akudziwa kuti kukonda mbewu ndi kuithirira, basi. Tsono titasamukira ku Zomba, nyumba ya lendi m'munsi mwa phiri, cha kunjira yokwera ku Ku Chawe, ndinapita ndi nzeru za kuchigwa zonse m'mutu. Ndinagula ma rose khumi kwa anyamata ogulitsa mbande m'mbali mwa msewu, aja a m'timachubu takuda. Ndinakumba maenje, tsinde lililonse ndinalikonzera kabeseni kuti madzi asathawe, monga timachitira kwathu. Ndiye m'mawa uliwonse, kheni m'manja. Mu Januwaletu! Mvula yagwa usiku wonse, denga likudonthabe, ine ndili panja kuthirira, mpaka pamasamba pomwe, ati asambe.

Febuluwale asanathe, masamba anali ndi madontho akuda ozunguliridwa ndi chikasu, ngati anuwo. Ndinaganiza kuti ndi njala, ndinathira feteleza. Zinaipiraipira. Tsiku lina ndinazula limodzi ndi mkwiyo. Mizu yake inali yakuda, yoterera, ukaigwira ikungophwanyika m'zala, fungo lake ngati chinangwa choviika chimene achiiwala mumphika.

Nthawi yomweyo apongozi anali atabwera kudzationa. Anaima pakhonde, manja kumbuyo, n'kuyang'ana timitengo tanga tosadziwika bwino tija. "Apongozi, malo onsewa bwanji osabzalapo mpiru? Maluwa amadyedwa?" Sindinayankhe. Mmene amabwerera kumudzi anali ataponya nthanga za maungu pakona ya bwalo, osandiuza, pamulu wa zinyalala. Nkhwani wake tinadya mpaka kugawirako anzathu oyandikana nawo. Ma rose anga a ndalama ali gwaa, ndodo zokhazokha. Mpaka lero nkhani imeneyi simatha kunyumba kwathu.

Anandipulumutsa ndi bambo wina wachikulire amene amatchetcha kapinga kunyumba yoyandikana nafe, munthu amene anagwirapo ntchito m'minda ya tiyi ali mnyamata. Anasuzumira pampanda, anayang'ana mabeseni anga odzaza madzi, n'kupukusa mutu: "Mayi, kuno mbewu sifa ndi ludzu. Imamira." Anatenga khasu langa, anagumula kabeseni kamodzi, madzi n'kutuluka ngati wamasula mpopi.

Mizu imapuma. Ine zimenezi ndinkangoziloweza ku sukulu, sindinkazikhulupirira. Dothi likakhuta madzi masiku ambiri mpweya sulowa, mizu imaola. Madontho akudawo ndi nkhani ina: ndi mtundu wa chuku, alangizi amati fangasi, umene umamera tsamba likakhala lonyowa maola angapo, ndipo umafalikira ndi madzi odumpha kuchokera pa masamba odwala amene agwa pansi. Ku Salima dzuwa likatuluka tsamba lauma kale. Ku Thyolo mvula ikatha mu Epulo simunapume ayi, kukubwera chiperoni, kamvula kowaza kaja ndi nkhungu kamene kamachokera ku Mozambique, dzina lake n'la phiri la Chiperone kumeneko. Juni, Julayi, zovala pachingwe masiku atatu osauma. Nanga tsamba la rose liuma bwanji?

Apa ndinene zimene ena sakondwera nazo. Rose ndi duwa lodzikonda. Ambirife timalifuna chifukwa taliona paukwati ndi pa Facebook, osati chifukwa malo athu alipempha. Limatheka, inde, ndaona anthu ku Zomba ali nawo okongola, koma ndi anthu oti tsiku lililonse sizasi ili m'manja. Ngati muli ndi ntchito, ana, ndi mtolo wa zochapa zosauma, mukudzisenzetsa katundu wa chabe. Ndinkati ndinene mofatsa koma ayi: munthu wongofika kumene kumalo a mvula asayambe ndi rose. Ndatha.

Chimene chimandipweteka n'choti inu mukukhala pamalo amene a ku Lilongwe amawasirira. Hydrangea, duwa lija lotulutsa chimutu chachikulu ngati mpira, kuchigwa limafota masana aliwonse, koma kwanuko mungodula kanthambi, kukazika pamthunzi, kaphuka. Ndipo limatuluka la buluu weniweni. Chifukwa chake ndi dothi lomwelo limene tiyi amalikonda, la asidi wambiri. Mukamathira phulusa pafupi, asidi amachepa, maluwa amasanduka a pinki. Ine ndinazindikira mwangozi, chifukwa phulusa la mbaula ndinkataya pa tsinde limodzi la kuseri kwa khitchini, n'kumadabwa kuti bwanji ili lasiyana ndi anzake. Palinso agapanthus, canna, arum lily woyera uja amene amakonda ngakhale m'mphepete mwa ngalande, begonia, ndi ma fern amene amamera okha m'makoma popanda wowaitana.

Mukadzapita ku Zomba mudzalowe mu Botanic Garden, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Munda umenewu unayamba m'ma 1890, nthawi ya katswiri wa zomera Alexander Whyte, yemwe dzina lake lili pa dzina la sayansi la mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei. Musapite kukajambulitsa kokha. Kayang'aneni chimene chikukondwa pamthunzi ndi chimene chili padzuwa.

Koma chonde, lantana musabzale, ngakhale wina akupatseni ulere. Timaluwa take n'tokongola, mbalame zimadya zipatso zake n'kumwaza njere paliponse, zaka ziwiri mwapezeka mukulimbana ndi tchire la minga, ndipo ng'ombe zikadya masamba ake zimadwala. Zomera zobwera zikapeza mvula ngati ya kwanuko sizimva kukana. Ma rasipiberi achikasu amene timagula panjira ya Ku Chawe aja, kwawo ndi ku Asia, onani mmene adzazira phiri.

Nkhani ya madzi oima pabwalo ndinasiya kuitenga mwachibwana mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atadutsa. Kuchokera pamenepo ngalande ndimakumba mvula isanayambe, ndipo kumtunda kwa bwalo ndinabzala mzere wa udzu wa vetiva. Maluwa amabwera pambuyo.

Tsono ma rose anayi otsalawo

Thotholani masamba onse a madontho, tolaninso amene ali pansi, muwotche. Asalowe m'dzenje la manyowa. Gumulani mabeseni, kwezani bedi lifike ngati chikhatho ndi theka, dothi mulisakanize ndi manyowa owola bwino. Asunthireni pamene dzuwa la m'mawa limafika msanga, motalikirana kuti mphepo idutse, kutali ndi madzi ogwa padenga. Musanathirire pisani chala m'dothi. Chikatuluka chonyowa, bwezani kheni. Kuthirira ndi patsinde, m'mawa, osati pamasamba. Mankhwala opopera alipo m'masitolo a zaulimi, koma tsamba lodwala kale silichira nawo.

Mwa khumi anga aja linatsala limodzi, lofiira. Lili mu chigubu chodula chimene ndinachiboola pansi ndi msomali wamoto, ndipo chiperoni chikayamba ndimalikokera pakhonde. Apongozi akabwera amaliyang'ana, n'kufunsa ngati layamba kubereka.