Yankho kwa asuweni pa funso la khungwa la mtengo

Asuweni, funso lanu ndaliona, ndipo ndasankha kuyankha ndi mawu chifukwa zimene ndikufuna kunena sizingakwane m'mizere iwiri yolemba. Mwafunsa pagulu lathu la pafoni pano kuti mtengo akausenda khungwa kuzungulira thunthu lonse umatenga nthawi yaitali bwanji kuti uume, n'kuwonjezera kuti ndi mwana wa sukulu amene akufuna kudziwa. Ana anu onse ndimawadziwa, wamkulu ali Sitandade 3, ndipo sindinamvepo kuti kalasi imeneyo yayamba kuphunzira kupha mitengo. Komabe ndiyamba ndi khungwalo, kuti musadzanene pamaliro ena kuti munatumiza munthu ku Bunda koma akafunsidwa amazemba.

Khungwa lili ndi magawo ake. Kunja kuli gawo louma lokhakhala, lakufa kale, limene limatchinga mtengo ku moto wa m'tchire, ku dzuwa ndi ku tizilombo. Gawo limeneli ndi limene Mngelezi wina, Robert Hooke, analicheka mopyapyala mu 1665 n'kuliyang'ana pa maikulosikopu, ndipo m'menemo anaona tizipinda ting'onoting'ono timene lero ana amaphunzira kuti ndi maselo. Ku Portugal kuli mtengo umene amausenda gawo lakunjali zaka 9 zilizonse n'kupangira zotsekera mabotolo, mtengowo osafa, chifukwa osendawo amasamala kuti nkhwangwa isalowe kwambiri. M'kati mwa gawo loumalo muli gawo lonyowa la ulusi, lija timapota luzi, ndipo m'menemo ndi mmene mumadutsa shuga amene masamba apanga, kutsika kupita ku mizu. Pakati pa luzi ndi mtengo weniweni pali kagawo kopyapyala koterera, kamene akafukufuku amati kambiyamu, ndipo ndi kameneko kamene kamabala khungwa latsopano kunja ndi mtengo watsopano m'kati. Madzi ochokera m'nthaka sakwera m'khungwa ayi, amakwera m'gawo loyera la mtengo limene lili pansi pa khungwalo. Choncho munthu akadula khungwa mozungulira amakhala watseka njira ya chakudya yokha, pamene madzi akupitirizabe kukwera, masamba ali biriwiri, ndipo mizu ikudya zimene inasunga mpaka zitatha. Pa mtengo waukulu zimenezi zimatenga miyezi yambiri, kawirikawiri kupitirira chaka.

Koma dikirani kaye, chifukwa nkhani imeneyi inachitikapo kale pamtundu pathu, ndipo inu munali wamng'ono. Atsibweni anu a ku Mkanda, amene kwa ine ndi abambo aakulu, anali katswiri wa makungwa. Ming'oma yonse ya njuchi imene inkalendewera kumtsinje inali ya manja awo, ndipo luzi lomangira chigafa cha mudzi wonse ankakasenda ndi iwo. Ankafika pa mombo n'kuyamba kaye kugogoda thunthu ndi kumbuyo kwa nkhwangwa, kenako n'kung'amba mzere umodzi wokha mbali imodzi, bala lake n'kulimata matope. Luzilo ankakalinyika m'thope la m'dambo mpaka lide bii, ati likatero limafewa ndipo limakhalitsa. M'chilimwe sankasenda, ankati nthawi imeneyo khungwa limakana. Zimenezo ndinadzazipeza m'kalasi patapita zaka zambiri, kuti m'dzinja kambiyamu uja amakhala akugawa maselo atsopano ofewa, n'chifukwa chake khungwa limangosupuka ukalikoka, ndiponso kuti bala la mbali imodzi limatsekeka lokha pang'onopang'ono kuchokera m'mphepete. Iwo analibe maikulosikopu, koma zonsezi ankazidziwa ndi manja.

Ndiye chaka china, ku Mkanda konko… ayi, anali asanasamuke, inali nthawi imene tonse tinali pamudzi pakale. Fodya wa bale anawachitira bwino, ndipo anafuna kukulitsa chigafa. Pamalo amene ankafunapo panali mombo waukulu uja agogo ankasinja pansi pake, ndipo agogo anakana kuti nkhwangwa iukhudze. Abambo aakulu sanatsutse, anangoti chabwino mayi. Usiku wina anapita ndi kansompho, anadula khungwa kuzungulira cha m'maondo, anamata matope, pamwamba pake n'kuunjikira mapesi ngati kuti akusungira ng'ombe. Atatero anayamba kudikira kuti mtengo uume wokha, iwo adzangoti ndi chiswe.

Mtengo sunaume. Mu Seputembala unaphuka masamba ofiira aja a mombo monga mwa chaka chilichonse, kenako unachita maluwa n'kubala nyemba zake mochuluka kuposa kale lonse. Chifukwa chake n'chodziwika, shuga amene akulephera kutsika amaunjikana kumwamba, ndipo alimi a zipatso m'mayiko ena amachita zimenezi dala pa nthambi imodzi imodzi kuti ibale kwambiri. Ngakhale mlomo wa pamwamba wa bala lija unatupa. Koma abambo aakulu, amene moyo wawo wonse anazolowera kusenda mbali imodzi, sanayembekezere kuti mtengo wozungulizidwa ungaoneke wathanzi chonchi, ndipo anatsimikiza mumtima kuti agogo anautsirika. Anasiya kudutsa pamenepo, popita kumunda ankazungulira kukhola. Anayamba kuwagulira agogo shuga ndi sopo popanda wowapempha, mpaka anakabwera ndi chitenje kuchokera ku Chipata. Agogo ankangolandira n'kuthokoza ndi manja awiri, pamene chilungamo chake ankachidziwa kuyambira sabata yoyamba, chifukwa nkhuku zinali zitapalasa mapesi aja n'kuonetsa bala lonse poyera. Azakhali, ngati mukumva, munganditsutse pamenepa, koma ndi inu amene munatiuza kuti agogo ankati asiyeni, akaulula shuga atha.

Poona kuti mtengowo wakana kufa, anamanga chigafa chatsopano pambali pake penipeni, mwina pofuna kusonyeza kuti alibe nawo chifukwa. Dzinja lachiwiri ndi pamene mizu inatha mphamvu, mtengo unayamba kuuma kuchokera kunsonga, ndipo mphepo ya mu Febuluwale inathyola nthambi yaikulu n'kuigwetsera pakati pa denga, fodya atapachika kale. Mvula inamaliza zotsalazo. Chaka chimenecho ndi chija sanapite ku okushoni, ndipo ndi chija ngongole ya feteleza inabwezedwa ndi mbuzi za amayi anga, koma zimenezo tisazidzutse. Chodabwitsa n'choti chitsa sichinafe chonse, chinaphukira pansi pa bala, monga mitengo ya miombo imachitira, ndipo timitengo tija tili kuseri kwa gowelo ndi ana ake.

Tsopano ndibwere kwa inu. Mtengo umene mukufunsa ndi msangu wa m'munda wa agogo, ndipo mukufuna ufe mwakachetechete kuti mubzalepo nsenjere, chifukwa ng'ombe ya mkaka imene munalandira kugulu la alimi a mkaka inaonda mu Okutobala mpaka nthiti kuwerengeka, mkaka n'kutsika, ndipo mukuopa kuti anzanu adzailanda isanabereke mwana woti mupatsire wina. Mantha amenewo ndi oona ndipo sindikuwaseka. Koma udzu sukusowani, asuweni, chimene chikukusowani ndi posunga. Mu Febuluwale ndi Malichi nsenjere za m'dimba mwanu zimatalika kupitirira denga, ng'ombe imalephera kuzimaliza, zina zimakhwima n'kusanduka bango, ndipo ngakhale mutabzala munda wonse, m'chilimwe nsenjere za kumtunda zimaima osakula. Kumbani dzenje, mupange sayileji, udzu wauwisi wosungidwa popanda mpweya.

Msanguwo sukulakwirani chilichonse. Ndi mtengo umene umayoyola masamba mvula ikayamba n'kuphukanso mvula ikatha, kotero m'dzinja suchita mthunzi pa mbewu, ndipo masamba ake akaola amawonjezera chonde, n'chifukwa chake chimanga cha pansi pake chimaoneka chakuda kuposa cha kumalire. Nyemba zake zimagwa chilimwe chikafika pachimake, nthawi yomweyo imene mulibe chopatsa ng'ombe, ndipo zili ndi zomanga thupi zambiri kuposa mapesi amene mumasesa m'minda ya anthu.

Sayileji ndi udzu wauwisi wosungidwa popanda mpweya. Pa udzu pali kale mabakiteriya amene, mpweya ukatha, amadya shuga wa m'udzuwo n'kutulutsa asidi, yemweyo amene amawawasitsa chambiko, ndipo asidiyo akachuluka tizilombo towoletsa timalephera kugwira ntchito. Nkhani imeneyi inafufuzidwa kalekale. Wasayansi wa ku Finland, Artturi Virtanen, analandira mphoto ya Nobel mu 1945 chifukwa cha njira yake yosungira chakudya cha ziweto pochiwawasitsa msanga ndi asidi. Inu simukufunika kugula asidi, muyenera kungowapatsa mabakiteriyawo zinthu ziwiri, shuga wokwanira ndi malo opanda mpweya.

Nsenjere muzidule zikafika mita imodzi kapena mita ndi theka, zisanachite mfundo zolimba, ndipo muzisiye padzuwa zifote kwa tsiku limodzi. Mukazidula tizidutswa ndi chikwanje, utali wake usapitirire mfundo ya chala, mutape dzanja limodzi n'kufinya kwambiri. Madzi akamatuluka pakati pa zala ndiye kuti zikadali zonyowa, ndipo m'dzenje zikaola n'kununkha, koma dzanja likangonyowa pang'ono, zofinyazo n'kumasuka pang'onopang'ono mukatambasula zala, zafika. Vuto la nsenjere ndi loti shuga wake ndi wochepa, choncho pa mzere uliwonse umene mwayala m'dzenje muziwazapo madeya, kapena molasesi wosungunula m'madzi ngati mwamupeza kuchokera ku Dwangwa. Chimanga ndiye chimapanga sayileji wabwino kuposa zonse, chodulidwa ndi mapesi ake omwe pamene njere zadutsa pa mondokwa n'kuyamba kulimba, koma ndikudziwa kuti mukadula chimanga chachiwisi kuti mupatse ng'ombe, mulamu wanga akakusiyani kwa ankhoswe tsiku lomwelo, choncho mizere ingapo yokha ya kumapeto ndi yokwanira kusakaniza. Masamba a gliricidia, mtengo uja akafukufuku a bungwe la za mitengo la ICRAF anayamba kuuyesa pamodzi ndi chimanga ku Makoka, m'boma la Zomba, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mukhoza kuthiramo kuti zomanga thupi zichuluke, koma asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu, chifukwa akachuluka amachedwetsa kuwawasa. Mapira aang'ono, kapena ophukira pambuyo pa ng'amba, musawayandikize ng'ombe ali auwisi, amakhala ndi poizoni.

Dzenje likhale pamalo okwera, muyalemo pulasitiki wakuda wosabooka. Ntchito yeniyeni ndi kupondaponda, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amalephera chifukwa amatopa msanga. Mzere uliwonse muuponde mpaka phazi lisamalowenso, makamaka m'makona, ndipo ngati muli ndi mgolo muudzaze madzi muzigubuduza pamwamba. Inu amene simuphonya bwalo la gule, miyendo yanu ipeze ntchito. Mudzaze ndi kutseka m'masiku awiri, mupinde pulasitiki, muthire dothi lochindikala pamwamba, n'kukumba kangalande kozungulira kuti madzi a mvula asalowe. Pakatha masabata 3 mpaka 6 zapsa, ndipo dzenje losatsegula limasunga chaka chathunthu. Masamu ake ndi awa: ng'ombe ikamadya makilogalamu 20 patsiku kwa masiku 120, kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, ndi makilogalamu 2,400, ndipo dzenje la mita imodzi mbali zonse lopondedwa bwino limalowa pafupifupi makilogalamu 500. Ndiye mukufunika dzenje la mamita 5 m'litali, mita imodzi m'lifupi ndi mita imodzi kuya… kapena ndinene bwino, mayenje awiri aafupi, kuti lina likhale lotseka pamene mukudyetsa linalo. Mukatsegula muziyambira mbali imodzi, kutapa za tsiku limenelo n'kutsekanso. Zabwino zimakhala zachikasu chobiriwira ndi fungo lowawasa losanyansa, ndipo zakuda kapena zochita nkhungu muzitaya kutali ndi khola. Muzidyetsa mukatha kukama, chifukwa fungo lake limalowa mumkaka ndipo kugulu adzaukana.

Choncho, asuweni, ndibwerezenso kuti musadzati mawu anaduka chifukwa cha netiweki ya ku Kamwendo: msangu wa agogo usiyeni ndi khungwa lake, chifukwa ngakhale mutauzunguliza usiku uno, udzakhala uli chiimire Okutobala ameneyu ndipo ng'ombe idzaondabe, pamene udzu umene ungaipulumutse ukukhwima m'dimba mwanu panopa. Masangwi a mtedza nawonso chaka chino musawasiye m'munda kuti adyedwe ndi mbuzi za eni, muwaumitse pamthunzi n'kuwasanjika pa thandala, azidzathandizana ndi sayilejiyo. Pulasitiki ndikagula ine ku Lilongwe ndipo ndidzamupereka kwa alamu a minibasi, koma ndidzatumiza pokhapokha mutaika pagulu pano chithunzi cha mayenje awiri okumbidwa, mtengo ukuoneka kumbuyo kwake uli wosasendedwa. Mukumbe Malichi asanathe, nsenjere zisanakhwime.