Mapointi 21 koma masamu 7: kodi digiri yoyendetsa ntchito zomanga itheka?

Mnyamata wina wa ku Area 36 kuno ku Lilongwe watilembera pa imelo motere: "Ndinalemba MSCE chaka chatha, ndinapeza mapointi 21. Chichewa 2, Chingerezi 3, Geography 3, Agriculture 3, Biology 4, Physics 6, koma masamu 7. Panopa ndimathandiza amalume anga omwe amamanga nyumba za anthu. Ndikufuna digiri ya construction management. Kodi kuyunivesite amafuna chiyani, nanga mapointi angawa akukwana?"

Achimwene, tisakubisireni. Mapointi 21 si oipa, koma chimene chikukutsekerani khomo ndi 7 wa masamuyo. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi chabe, 9 ndiye kulephera. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro 6 amene mwakhoza bwino, n'chifukwa chake masamu anu sakuoneka m'kati mwa 21 uja. Koma wosankha ophunzira a zomangamanga amayamba wayang'ana masamu asanaone n'komwe kuti mapointi ndi angati. Ambiri amagwa pamenepa: amanyadira mapointi otsika amene anawapeza ndi Chichewa, Bible Knowledge ndi Social Studies, osadziwa kuti pulogalamu yomwe aifuna ili ndi maphunziro akeake.

Zofunika zili pawiri. Choyamba ndi cha aliyense wofuna kulowa yunivesite ya boma: makirediti 6, Chingerezi chili momwemo. Ichi mwakwanitsa. Chachiwiri ndi cha pulogalamu imene mwasankha, ndipo pa za zomangamanga pamafunika kirediti ya masamu ndi ya Physics, ena amawonjezerapo Chemistry. Amene analemba silabasi yakale, m'malo mwa Physics ndi Chemistry ankaonetsa Physical Science. Technical Drawing, Additional Mathematics ndi Computer Studies zimathandiza kwambiri mukalowa m'kalasi, koma sizilowa m'malo mwa masamu. Komanso kirediti yongokwanira si chitsimikizo cha malo. Kusankha ophunzira a mayunivesite a boma kumadzera ku bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE, malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, ndiye amayambira amene akhoza bwino kwambiri maphunziro ofunikawo. Palibe nambala yokhazikika yoti ukaipeza walowa. Imasintha chaka ndi chaka malinga ndi mmene anzanu akhozera. Physics 6 wanuyo ali pa mzere weniweni, ndipo pa mpikisano wotere sangakunyamuleni.

Mwina mukuti, amalume akumanga bwinobwino popanda masamu a Folomu 4, ndiye akakamiriranji? Titenge nyumba ya mamita 12 m'litali ndi 9 m'lifupi. Silabu yapansi ikakhala yochindikala mamilimita 100, konkire yofunika ndi makyubiki mita 10.8. Pa kasakanizidwe ka 1:2:4, kutanthauza muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala ya kwale, kyubiki mita imodzi imadya matumba a makilogalamu 50 pafupifupi 6 ndi theka. Ndiye kuti matumba 70. Tsopano anyamata atsira miyala ndi dothi m'kati mwa maziko koma osasalaza bwino, pena pakwera pena patsika, ndipo kuti silabu ifike pa levulo yachindikala mamilimita 125. Konkire yafika makyubiki mita 13.5, matumba 88. Matumba 18 alowa pansi popanda mwini nyumba kuona chosintha, ndipo pa bajeti panalibe. Woyendetsa ntchito ndi munthu amene amayenda ndi chingwe ndi tepi dzulo lake, n'kuyeza malo angapo, n'kuletsa kuthira mpaka pansi pasalale. Masamu a tsiku ndi tsiku ndi amenewa: malo, kuya, kuchuluka, maperesenti, makona a denga, malevulo. Buloko ya mamilimita 400 ndi 200 imalowa 12 ndi theka pa sikweya mita imodzi ya khoma. Muchotse mawindo ndi zitseko, muwonjezere zosweka ponyamula. Mukalakwitsa kamodzi pa nyumba ya zipinda zitatu, mulipira ndi matumba angapo. Pa chipatala kapena sukulu ya nsanjika, kulakwitsa komweko kumagwetsa kontrakitala.

Physics nayenso ali ndi ntchito yake yooneka ndi maso. Konkire imapirira kupsinjidwa koma ikakokedwa imang'ambika, ndiye zitsulo timaziika kumene kukukokedwako. Pa lintala ya pamwamba pa chitseko, zitsulo zazikulu zimakhala m'munsi. Pa silabu ya khonde yotulukira kunja yopanda mzati, zimakhala pamwamba. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti pothira, anthu a mawilibala amaponda zitsulo za pamwambazo n'kuzitsitsira pansi, konkire n'kuzikwirira pomwepo. Tsiku lochotsa mashatala khonde limayamba mng'alu m'mbali mwa khoma. Chimodzimodzi madzi: osakaniza amakonda konkire yamadzimadzi chifukwa imapepuka pa fosholo, koma madzi akachuluka mphamvu imatsika. Pa ntchito zikuluzikulu amatapa konkire m'timabokosi ta mamilimita 150, n'kukaiphwanya ku labu pa tsiku la 7 ndi la 28 kuti aone ngati yafika mphamvu yomwe injiniya analemba. Munthu wosamvetsa chifukwa chake sangalimbane ndi folomani amene akufuna kuthamangitsa ntchito.

Chingerezi chanu cha 3 musachipeputse. Theka la ntchitoyi ndi makalata: buku la pa sayiti lolembamo zochitika tsiku lililonse, malipoti, mapangano. M'mapangano a FIDIC, mtundu wa mapangano a zomangamanga wodziwika m'maiko ambiri, omwe amagwiritsidwa ntchito pa misewu ndi ntchito zambiri za ndalama za mabungwe akunja, kontrakitala akachedwetsedwa ndi chinthu chosakhala vuto lake ayenera kupereka chidziwitso cholembedwa pasanathe masiku 28. Akapanda kutero, ufulu wopempha nthawi yowonjezera kapena ndalama ungamutayike, ngakhale chilungamo chili mbali yake.

Tsopano za dzina la digiri. Musaumirire mawu oti construction management okha, chifukwa ntchito yoyendetsa sayiti anthu amaifikira kudzera m'makomo angapo. Woyamba kuyang'ana ndi MUBAS (Malawi University of Business and Applied Sciences) ku Chichiri mu Blantyre, yomwe inali Polytechnic isanachoke pansi pa University of Malawi mu 2021. Kumeneko kuli maphunziro a quantity surveying, architecture ndi civil engineering. Mzuzu University ili ndi za kuyeza malo ndi mapulani a matauni, pomwe LUANAR ku Bunda ili ndi uinjiniya wa ulimi ndi wa mthirira. Madigiri amenewa amatenga zaka 4 kapena 5. Pa sayiti, akitekiti ndiye mwini chojambula, injiniya ndiye amawerengera mphamvu ya maziko, mizati ndi mabimu, quantity surveyor ndiye amalemba BOQ (mndandanda wa ntchito ndi zipangizo zonse, kuchuluka kwake ndi mitengo yake) ndi kuyeza ntchito yoti ilipidwe. Woyendetsa ntchito amagwira nthawi, anthu, zipangizo ndi chitetezo: simenti ifike liti, pulambala alowe pulasitala isanamatidwe, denga likwere mvula ya Novembala isanagwe. Ngati mtima wanu uli pa ndalama ndi mapangano, quantity surveying ndiyo ili pafupi kwambiri ndi zimene mukufuna. Ngati uli pa misewu, milatho ndi nsanjika, ndi civil engineering, koma masamu ake ndi olemera kuposa onse.

Chinthu chimodzi chimveke: digiri yoyendetsa ntchito zomanga sikusandutsani injiniya. Simungasayinire mapulani a zitsulo. Mainjiniya amalembetsa ku Malawi Engineering Institution, akitekiti ndi ma quantity surveyor ali ndi bodi yawo, ndipo makontrakitala amalembetsa ku Construction Industry Regulatory Authority (CIRA), bungwe lomwe linalowa m'malo mwa NCIC yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996. Ganizirani kumene mukufuna kudzalembetsa musanasankhe pulogalamu.

Nanga inu mupange chiyani? Ife tikuti bwerezani mayeso. Chaka chimodzi n'chochepa poyerekeza ndi zaka zimene mudzagwire ntchitoyi. Lembetsani ku MANEB kudzera pa sukulu yomwe ndi senta ya mayeso, ndipo kalembera amatsekedwa miyezi yambiri mayeso asanayambe, choncho funsani ahedi msanga. Musangolemba masamu okha. Lembani maphunziro osachepera 6 kuti setifiketi yatsopano iime payokha, chifukwa malamulo ophatikiza zotsatira za zaka ziwiri amakhala ndi malire ake, ndipo chilengezo cha NCHE chimatchulanso zaka za MSCE zomwe akulandira chaka chimenecho. Nthawi yanu yambiri ipite ku masamu ndi Physics, ndipo ngati munaphunzirako Chemistry m'Folomu 3 ndi 4, mulembenso. Pa masamu limbikirani algebra, trigonometry ndi mawerengedwe a malo ndi mavoliyumu, ndi mapepala akale m'manja, tsiku lililonse, ndi wotchi patebulo. Musapite kukafuna 6. Mukafune 3 kapena kutsika pamenepo. Podzaza fomu, werengani zofunika za pulogalamu iliyonse mzere ndi mzere. Chisankho chilichonse chomwe simukukwanitsa zofunika zake ndi mpata wotayika.

Njira yachiwiri ndi ya ku sukulu za ntchito zamanja zomwe zili pansi pa TEVETA, monga Lilongwe Technical College ndi Namitete Technical College. Mumaphunzira kumanga, ukalipentala kapena upulambala, kenako n'kukwera kufika pa dipuloma ya zomangamanga, n'kugwira ntchito zaka zingapo, n'kudzalowa yunivesite pa khomo la mature entry. Njirayi ndi yaitali, koma imatulutsa anthu amene mmisiri sangawanamize, chifukwa trawelo anaigwirapo. Chenjezo ndi lakuti ngakhale pa khomo limeneli kirediti ya masamu amaifunsabe kawirikawiri. Ndiye 7 uja mudzakumana nayebe kutsogolo, bola kuthana naye panopa mutu ukadali ndi za kusukulu.

Pa makoleji omwe si aboma ndi pamene tikufuna mutchere khutu, chifukwa safunsa anadya phula. Mudzapeza ena okulandirani ndi masamu 7 mosavuta, fizi n'kumalipira mwezi ndi mwezi. Musanapereke tambala, onani mndandanda umene NCHE imatulutsa. Kulembetsedwa kwa koleji ndi kuvomerezedwa kwa pulogalamu ndi zinthu ziwiri zosiyana: koleji itha kukhala yolembetsedwa, maphunziro ake a bizinesi n'kukhala ovomerezeka, koma a zomangamanga ayi. Onani dzina la pulogalamu yeniyeniyo ndi kampasi yomwe mukaphunzireko. Kenako pitani mukaone ndi maso. Pali makina oyezera malo ndi malevulo, monga dumpy level kapena total station, oti ophunzira agwire? Pali labu yoyezera konkire ndi dothi, kapena mgwirizano ndi malo amene ali nayo? Ophunzira amapita ku atachimenti miyezi ingati, nanga amawapezera malo ndani? Pulogalamu ya zomangamanga yongophunzitsa pa bolodi imatulutsa munthu amene tsiku loyamba pa sayiti sadziwa kusiyanitsa zitsulo za mukonkire za Y12 ndi Y16, ndipo amisiri akazindikira zimenezo samumveranso.

Za kunja, mwachidule. Ku South Africa, University of Pretoria ili ndi digiri ya construction management, pomwe Wits ndi University of Cape Town amayamba ndi construction studies ya zaka 3 kenako chaka cha honours. Ku England digiriyi ndi ya zaka 3, ndipo zabwino zake zimavomerezedwa ndi mabungwe a akatswiri a zomangamanga a CIOB kapena RICS. Koma MSCE amaiwerengera pa mlingo wa O-level, choncho payokha sikulowetsani mwachindunji. Pamafunika A-level, chaka cha foundation kapena maphunziro ena apamwamba. Masamu amawafunanso konseko.

Mukasankhidwa, ngongole ya fizi ndi ya zofunika pa sukulu imapemphedwa ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, ndipo imabwezedwa mukamaliza. Konzekeraninso laputopu yotha kunyamula AutoCAD (pulogalamu yojambulira mapulani), kakyuleta ya sayansi, majombo a chitsulo kutsogolo ndi chipewa cholimba. Excel yambani kuiphunzira panopa, pakuti BOQ ndi bajeti zimakhala m'menemo.

Pamene mukudikira mayeso, sayiti ya amalume ikhale kalasi yanu. Gulani kope la chikuto cholimba. Tsiku lililonse lembani deti, nyengo, anthu amene abwera, matumba a simenti amene atsegulidwa, mabuloko amene amangidwa ndi chimene chaimitsa ntchito. Khoma lisanayambe, werengerani nokha mabuloko kuchokera pa pulani, ndipo likatha muwerenge amene alowadi, mufufuze kusiyanako kwachokera pati. Pemphani amalume akuonetseni kukhoma makona ndi 3, 4, 5 poyala maziko. Ameneyo ndi Pythagoras yemwe mukamupeze pa pepala la mayeso. Silabu ikathiridwa, udindo woithirira madzi kwa masiku osachepera 7 muutenge ndinu, m'mawa ndi madzulo, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala pamene konkire imauma msanga n'kuchita ming'alu. Kope limenelo mulisunge bwino, lidzakuthandizani pofuna malo a atachimenti.