Galu akangokhalira kudzikanda, musathamangire kusintha chakudya

Mayi wina wandilembera imelo za galu wawo wazaka 2. Akuti amangokhalira kunyambita mapazi mpaka ubweya wapakati pa zala wasanduka wofiirira, m'makutu mukununkha, ndipo usiku sagona n'kukanda. Asintha chakudya katatu m'miyezi iwiri, amupatsanso Piriton, koma palibe chasintha. Akufunsa kuti tsopano ayese chakudya chiti.

Amayi, musagule kaye chakudya china. Ziwengo za agalu nthawi zambiri zimachokera ku utitiri, ku zinthu zouluka ndi mphepo monga mungu, nkhungu yomera pa zinthu zonyowa ndi tizilombo ta m'fumbi la m'nyumba, kapena ku chakudya. Pa zitatuzi, chakudya ndi chimene chimapezeka ndi mlandu kawirikawiri pakamwa pa anthu, koma kwa dokotala wa ziweto sichikhala choyamba kuganiziridwa.

Yambani ndi utitiri, ngakhale mukulumbira kuti simunauone. Galu amene amawengedwa ndi malovu a utitiri safunika kulumidwa kambiri, kangapo kokha n'kokwanira kuti adzikande masiku angapo, makamaka pamsana pafupi ndi mchira ndi kuntchafu zakumbuyo. Muimikeni papepala loyera lonyowa, mupese ubweya wake ndi chipeso cha mano othinana. Tinthu takuda tikagwera papepalapo n'kusungunuka mofiira, amenewo ndi manyi a utitiri, magazi a galu wanu. Utitiri wambiri sukhala pagalu, umakhala ngati mazira ndi mphutsi pogona pake, choncho chapani zofunda zake ndipo ziweto zonse za pakhomo zilandire mankhwala kwa miyezi itatu osadukiza. Mapiritsi a NexGard amagwira mwezi umodzi, a Bravecto masabata 12, ndipo onsewa amaphanso tizilombo ta mphere, matenda amene amayabwa koopsa ndipo amasokonezedwa ndi ziwengo. Ngati muli ndi mphaka, samalani: mankhwala agalu okhala ndi permethrin amapha mphaka.

Fungo la m'makutu lija likundiuza kuti pali chinanso. Khungu likakandidwa, mabakiteriya ndi yisiti yotchedwa Malassezia zimaswana, n'kuwonjezera kuyabwa pamwamba pa kuyabwa. Dokotala amatenga pang'ono zam'khutuzo n'kuziyang'ana pa maikulosikopu asanapereke mankhwala. Akakupatsani shampu ya chlorhexidine, thovu lake likhale pathupi mphindi 10 musanatsukuluze. Ambiri amatsukuluza pompopompo kenako n'kumati shampuyo ndi yachabe.

Tsopano za chakudya. Chimene chimawenga galu ndi puloteni, kawirikawiri ya nyama ya ng'ombe, mkaka, nkhuku kapena tirigu, ndipo mitundu itatu imene mwagulayo mwina yonse ili ndi nkhuku, dzina ndi thumba zokha n'zimene zasiyana. Njira yodalirika ndi imodzi. Kwa masabata 8, galu adye puloteni imene sanadyepo chibadwire, kapena chakudya chapadera chimene puloteni yake inaphwanyidwa kwambiri moti thupi siliizindikira. Pasakhale fupa, makombo, ngakhale kachidutswa kamene mwana amaponya pansi pa tebulo mobisa. Kuyabwa kukatha, mum'bwezere chakudya chakale. Kukayambiranso pasanathe masiku 14, ndiye kuti mwachigwira. Gawo lomalizali anthu amalikana chifukwa cha chisoni, koma popanda ilo simungadziwe ngati chathandiza n'chakudya kapena nyengo yangosintha. Zoyeza magazi, malovu kapena ubweya pofuna kupeza chakudya chowenga, ine ndimati n'kutaya ndalama.

Kunena zoona, msinkhu wa galu wanu komanso malo amene akuyabwa zikuloza kwambiri ku atopic dermatitis, ziwengo za mungu ndi fumbi zija. Zimayamba galu ali pakati pa miyezi 6 ndi zaka 3, ndipo zimakonda mapazi, nkhope, makutu, m'khwapa ndi pamimba. Sizichizika, koma zimagonja. Mankhwala a Prednisolone amaletsa kuyabwa msanga, kungoti galu amamwa madzi kwambiri, kukodza pafupipafupi ndi kudya mosakhuta, ndipo sayenera kumwa miyezi yambirimbiri. Mapiritsi a Apoquel, amene anavomerezedwa ku America mu 2013, amayamba kugwira tsiku lomwelo, koma sapatsidwa kwa galu wosakwana miyezi 12. Cytopoint ndi jakisoni wogwira masabata 4 mpaka 8. Palinso njira yomuzoloweretsa galu pang'onopang'ono chinthu chomuwengacho, ndi jakisoni kapena madontho a pansi pa lilime, koma imafuna mtima woleza chifukwa zotsatira zimatha kuoneka patatha chaka.

Piriton uja musadabwe naye, mankhwala a mtundu umenewo sachita zambiri pa agalu. Ndipo ibuprofen wa anthu musam'patse ngakhale akulira chotani, amawononga m'mimba ndi impso. Pamene mukudikira kuonana ndi dokotala, muzimupukuta mapazi ndi pamimba ndi kansalu konyowa akachokera panja, ndipo muziumitsa bwino pakati pa zala.