Funsani Odziwa: Ulendo wa pa Njinga m'Mphepete mwa Chigwembe cha Blyde River

Makalata a mwezi uno achokera kwa owerenga athu okhala ku South Africa amene akufuna kukaona chigwembe cha Blyde River, m'chigawo cha Mpumalanga, pa njinga yakapalasa. Oyankha ndi amakaniko a njinga pamodzi ndi anthu odziwa misewu ya kumeneko.

Akonzi, ndimagwira ntchito ku Johannesburg ndipo abwana andipatsa masiku anayi opuma. Ndikufuna kulowa m'chigwembemo ndi njinga, kuyambira kumtunda mpaka kukatulukira kumunsi. Ndiyambire pati? — Wowerenga wa ku Randburg

Achimwene, zolowa m'chigwembe ndi njinga ziiwaleni, mulibe msewu. Chigwembechi n'chotalika makilomita pafupifupi 26 ndipo chinazama mamita mazanamazana. Tinjira tili m'katimo ndi ta oyenda pansi, ndipo malo onsewa amayang'aniridwa ndi bungwe la Mpumalanga Tourism and Parks Agency. Wanjinga amadutsa pamwamba, mumsewu wa tala wa R532, n'kumapatuka kukasuzumira kuphompho pa malo oonera. Malo ambiri oonerawa ali ndi geti lakelake lolipira ndipo amatseka dzuwa lisanalowe.

Fikirani ku Graskop, tauni yomwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,400. Kuchokera ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 400, choncho kwezani njinga pagalimoto. Tsiku loyamba lithera pamenepo.

Tsiku lachiwiri siyani katundu kogona, muzungulire msewu wa R534 womwe umadutsa pa malo oonera a The Pinnacle, God's Window ndi Wonder View, n'kukalumikizananso ndi R532. Pobwerera patukirani ku mathithi a Berlin ndi a Lisbon. A Lisbon madzi ake amagwa mamita oposa 90. Ulendowu ndi waufupi koma uli ndi zitunda zokwanira kukuuzani ngati magiya ndi mabuleki anu ali bwino, mukadali pafupi ndi tauni. Pa God's Window mangani njinga ndi loko, mukwere wapansi kukanjira ka m'nkhalango yachilengedwe ili pamwamba pake.

Tsiku lachitatu lowerani kumpoto. Bourke's Luck Potholes, pomwe mtsinje wa Treur umathira mu Blyde, ili pa makilomita pafupifupi 35. Malo oonera Three Rondavels, mapiri atatu ooneka ngati nyumba zozungulira, ali kutsogoloko, makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Graskop, ndipo chapafupi pali malo ogona okhala ndi pomanga tenti. Musapusitsidwe ndi kupepuka kwa ulendo wopita. Bourke's Luck ili mmunsi poyerekeza ndi Graskop, ndiye ngongole ya mtsetse wonsewo mudzaibweza pa tsiku lachinayi. Munthu wonyamula katundu m'mapiri otere aziwerengera makilomita 10 mpaka 12 pa ola, osati 20 amene amawapeza m'tauni. Dzukani m'bandakucha kuti mupeze galimoto yobwerera masana.

Kumunsi, ku damu la Blyderivierspoort ndi ku Swadini, amafikako pozungulira kudzera pa R36, Abel Erasmus Pass ndi msewu woboola phiri wa J.G. Strijdom Tunnel. Umenewo ndi ulendo wa tsiku lathunthu paokha, ndipo pa masiku anayi sukukwanirani.

Ndinagula njinga ya kaunjika ya magiya 21. Anzanga akuti ikhoza kukwera phiri lililonse. Kodi n'zoona, kapena ndigule ina? — Mayi wa ku Mbombela

Musagule ina, mayi, koma musakhulupirirenso nambala 21. Chofunika si kuchuluka kwa magiya ayi, ndi kupepuka kwa giya yotsiriza. Gwadani muwerenge mano. Njinga zambiri zotere zimabwera ndi mano 28, 38 ndi 48 kutsogolo, ndipo fuliwilo yakumbuyo imayambira 14 kulekeza 28. Giya yopepukitsitsa ikakhala 28 kutsogolo, 28 kumbuyo, ndiye kuti pedulo ikazungulira kamodzi tayala nalo lazungulira kamodzi, mamita awiri ndi pang'ono pa tayala la mainchesi 26. Popanda katundu zimatheka. Mukasenza makilogalamu 15 pachitunda chachitali, mawondo ayamba kudandaula ndipo mutsika n'kumakankha.

Mankhwala ake ndi otsika mtengo. Pali fuliwilo ya masitepe 7 yomwe giya yake yaikulu ili ndi mano 34. Mukaiika n'kusinthanso giya yaing'ono yakutsogolo kuti ikhale ya mano 24, pedulo ikazungulira kamodzi mumayenda mita imodzi ndi theka basi, liwiro la munthu woyenda ndawala, koma simutsika. Uzani amakaniko aone ngati chosinthira magiya chakumbuyo chili ndi mkono wautali wofika pa 34, ndipo aike tcheni chatsopano. Tcheni chakale chimakhala chitatamuka, ndiye pa mano atsopano chimadumphadumpha mukaponda mwamphamvu, makamaka pachitunda pomwe mukuchidalira.

Koma zoti tikuuzeni zenizeni ndi za mabuleki, pakuti pamsewu uwu anthu savulala pokwera. Ngati mabuleki anu ndi ogwira limu, yang'anani timizere tapamalabala. Tikafufutika, sinthani onse anayi ndipo nyamulani ena awiri apadera. Mchenga wonyowa umadya labala modabwitsa, moti tsiku limodzi la mvula likhoza kumaliza labala lomwe m'tauni likanakhala miyezi. Ngati ndi a disiki, sinthani mapadi akatsala milimita imodzi, ndipo samalani kuti mafuta a tcheni asadonthere pa disikiyo. Padi ikamwa mafuta imalira koma osagwira.

Kagwiridwe kake nakonso n'kofunika. Anthu amantha amafinya mabuleki pang'onopang'ono osasiya kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kutero kumatenthetsa limu mpaka mpweya wa mu chubu kufufuma, ndipo tayala likhoza kuvuka kapena kuphulika muli pa liwiro. Pa disiki, kutentha kumawalitsa mapadi n'kuyamba kuterereka. Chitani chonchi: finyani zolimba manja onse awiri musanafike pokhota, liwiro litsike ndithu, kenako masulani kuti mphepo iziziritse. Pokhota penipeni musafinye lakutsogolo. Pamtsetse wautali ngati Kowyn's Pass, kum'mawa kwa Graskop, kapena potsikira ku Pilgrim's Rest pa R533, imani pakatha makilomita awiri kapena atatu mukhudze limu ndi kunsi kwa chala. Ikakuotchani, dikirani mphindi zisanu. Disiki yokha musaikhudze, imasupula khungu. Kukanyowa, buleki la limu limayamba lapukuta madzi tayala likuzungulira kamodzi kapena kawiri lisanagwire, choncho yambani kufinya msanga. Musananyamuke dziwaninso dzanja lomwe likugwira buleki lakutsogolo, chifukwa njinga za kaunjika zimachokera m'maiko osiyanasiyana ndipo zina zinamangidwa mosemphana.

Ndi mwezi uti wabwino? Tchuthi changa chimakhala mu December. — Wowerenga wa ku Pretoria

December ndi pakati pa dzinja kumeneko. Mvula imagwa kuyambira October mpaka March, nthawi zambiri masana ndi ziphaliwali, ndipo msewu umadzaza ndi magalimoto a anthu a patchuthi. Vuto lalikulu ndi nkhungu. Mpweya wonyowa wochokera kuchigwa ukakwera phompho umasanduka chifunga chonga chiperoni cha ku Thyolo, moti mungalipire pa God's Window n'kuona zoyera zokhazokha, ndipo dalaivala wa lole yonyamula mitengo ya paini sakuonani mpaka atafika pamsana panu. Miyezi yabwino ndi April mpaka August. Kumakhala kouma ndipo kumaoneka patali, koma mmawa kumazizira mpaka chisanu kuyera paudzu mu June ndi July, ndiye magolovesi ndi jekete yotchinga mphepo zisatsale. Chakumapeto kwa chilimwe samalani ndi utsi wa moto wolusa.

Ngati December yemweyo ndiye mulinaye, nyamukani 5 koloko mmawa, mukhale mutafika pofika 1 koloko masana. Nyali yofiira yakumbuyo iziyaka ngakhale usana, ndipo valani chovala chowala. Chipewa choteteza mutu ndi lamulo kwa wanjinga aliyense ku South Africa kuyambira 2004.

Ulendo wina masipoko atatu a tayala lakumbuyo anaduka tsiku limodzi. Chinalakwika n'chiyani, ndipo ndinyamule zida zanji? — Bambo wa ku Germiston

Bambo, sipoko siduka chifukwa chokungika kwambiri; kawirikawiri imaduka chifukwa cholobodoka. Sipoko yolobodoka imapindikapindika pakakhosi kake pa habu nthawi iliyonse tayala likazungulira, mpaka chitsulo kutopa. Imodzi ikaduka, zoyandikana nazo zimasenza katundu wake n'kutsatira. Tsinani masipoko awiriawiri kuzungulira tayala lonse. Mukapeza ofewa, pitani nalo kwa amakaniko alikunge ndi kuliwongola kudakali sabata imodzi ulendo usanafike. Ambiri amaduka mbali ya tcheni, komwe simungalowetse yatsopano osachotsa fuliwilo, choncho nyamulani masipoko atatu a muyeso wa tayala lanu ndi kachida komasulira fuliwiloyo. Pagalaja iliyonse akubwerekani sipanala yaikulu, koma kachidako sangakhale nako. Sipoko ikaduka muli patchire, ikulungeni pa inzake, masulani pang'ono buleki kuti limu isakhule, muyende mofatsa.

Katundu asapitirire makilogalamu 15, ndipo akhale m'zikwama ziwiri zolendewera m'mbali mwa keliyala, zolemera pansi. Mulu wautali womangidwa ndi malamba pamwamba umagwedeza njinga pamtsetse. Mabawuti a keliyala amamasuka ndi kugwedezeka, ndiye muziwakunga mmawa uliwonse ndipo sungani awiri apadera.

Misewu ya kuno ili ndi maenje ambiri. Tayala lofewa likagunda mlomo wa dzenje, limu imatsina chubu n'kusiya timabowo tiwiri toyandikana. Pa tayala la mainchesi awiri m'lifupi, popani mpweya wa mabaa (bar, muyeso wa mpweya pa pampu) 3 mpaka 3.5, lakumbuyo lolimbirapo. Zina zonyamula ndi machubu awiri, zigamba ndi guluu wosatsegula, pampu yomwe mwaiyesa kunyumba, makiyi a allen a mamilimita 4, 5 ndi 6, cholumikizira tcheni, ndi waya mmodzi wa buleki. Madzi werengerani theka la lita pa ola, ndipo chokani ku Graskop ndi malita osachepera awiri. Timagolosale mukatipeza kumidzi ya Moremela, Matibidi ndi Leroro, komwenso muyenera kuchenjera ndi ng'ombe ndi mbuzi pamsewu.

Kodi ndingamange tenti paliponse pamene dzuwa landilowera? Nanga zilombo? — Wowerenga wa ku Polokwane

Ayi. M'dera lotetezedwa n'zoletsedwa, ndipo nkhalango za paini ndi bulugama zili ndi eni ake amene amaopa moto kwambiri. Gonani pamalo ovomerezeka. Zokuvutitsani ndi anyani ndi apusi a pamalo oonera, omwe anazolowera kutsegula zikwama. Chakudya chikhale mkati, zipi yotseka, ndipo musawapatse kanthu. Yendani awiri kapena kuposerapo, chiphaso chanu ndi chilolezo chokhalira m'dzikomo zikhale m'pulasitiki yosalowa madzi, ndipo pa ngozi imbani 112 pa foni yam'manja. Amene adzatsikire ku Swadini m'nyengo ya mvula adziteteze ku udzudzu, chifukwa chigwa cha kumunsiko chimayandikana ndi madera a malungo.