Mapu akale ndi mboni, apanikizeni ndi mafunso

Aphunzitsi, mwafunsa ngati n'koyenera kuvutika kufunafuna makalata, mapu ndi zithunzi zakale pophunzitsa mbiri yakale ndi jogalafe, poti buku la m'kalasi linafotokoza kale zonse. Ine ndikuti vutikani ndithu. Buku limauza mwana chigamulo, mlandu wake asanaumve. Zimene zinalembedwa kapena kujambulidwa ndi anthu a nthawi imeneyo ndizo mboni, ndipo mboni timaifunsa: unali kuti, unaona wekha kapena unangomva, ukuuza ndani?

Ndimakonda kuyamba ndi mapu onama. Mu 1798 James Rennell anajambula mapu a kumadzulo kwa Africa potengera ulendo wa Mungo Park, wapaulendo wa ku Scotland amene anayenda kumeneko, n'kuikapo mtandadza wa mapiri otchedwa Kong. Rennell mwiniwake sanapondeko kumeneko. Ojambula ena anangokopera, mapiriwo n'kukhala pa mapu zaka pafupifupi 90, mpaka Louis-Gustave Binger, wa ku France, atayenda m'deralo kuyambira 1887 mpaka 1889 n'kupeza kuti kulibe. Ikani mapu oterewa pa desiki pambali pa mapu a lero, inu mukhale chete. Muona chala cha mwana chikuyendayenda pa pepala kufuna mapiri aja, kenako adzutsa mutu n'kufunsa kuti anapita kuti. Funso limenelo simungalipeze pomulembetsa manotsi. Ndipo mapuwo, ngakhale ananama za mapiri, akunena zoona pa chinthu china: mmene anthu a ku Ulaya ankajambulira malo amene sanawaone.

Kalata ya Pliny Wamng'ono, Mroma wakale, nayo ndi yabwino. Anaona phiri la Vesuvius la ku Italy likuphulika m'chaka cha 79 AD ali ndi zaka 17, ndipo mtambo wa phulusa anauyerekeza ndi mtengo wa paini, thunthu lalitali, nthambi kumwamba. Koma iye anali ku Misenum, kutsidya kwa nyanja, osati ku Pompeii, mzinda umene phirilo linakwirira, ndipo analembera Tacitus, wolemba mbiri wachiroma, patatha zaka pafupifupi 25. Ana asiyanitse okha zimene anaona ndi maso ndi zimene anachita kuuzidwa.

Ku jogalafe, musaphonye mapu a dokotala John Snow a mliri wa kolera wa mu 1854 ku London. Munthu aliyense womwalira anamuikira kamzere kakuda pa nyumba yake, timizere n'kuunjikana mozungulira mpope wa madzi wa pa Broad Street. Musawauze ana kumene matendawo ankachokera, awerenge okha. Zithunzi za Landsat (masetilaiti ojambula dziko ali m'mlengalenga), zimene zinayamba kujambulidwa mu 1972, zimaonetsa bwino kuphwa kwa nyanja ya Aral ya ku Asia, ndipo zili pa intaneti kwaulere.

Chimene chimandipweteka n'chakuti olemba ambiri akale anali olamulira, amalonda ndi apaulendo. Wonyamula katundu ndi mayi wotunga madzi amangotchulidwa mongodutsa, nthawi zambiri popanda dzina. Muziwafunsa ana kuti ndani sakulankhula m'kalatamu, nanga akadalankhula akadati chiyani.

Musawasenzetse zambiri. Ndime imodzi kapena mapu amodzi akwanira phunziro lonse, bola mulembe pa bolodi wolemba ndi chaka chake musanagawe mapepala.